Peji ya 2014 imene inasiya azakhali anga pa Intercity

Foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa ndili mtulo tofa nato, ndipo foni ya nthawi imeneyo tonse timadziwa kuti siibwera ndi zabwino. Anali azakhali anga a ku Chawama. Moni panalibe. "Iwe, kodi ndiwe unalemba zimenezi?" Kumbuyo kwao ndikumva mahutala ndi anyamata akukuwa Chipata Chipata Katete, ndiye ndinadziwiratu kuti ali pa Intercity, siteshoni yaikulu ya mabasi muno mu Lusaka.

Kunagwa maliro ku Mchinji kwa apongozi awo. Usiku mwana wawo, msuweni wanga, anatenga foni nkufunsa Google kuti basi yopita ku Malawi ndi zingati, ndiye peji yoyamba kutuluka inali yanga, chithunzi changa chili pansi pomwe ndikumwetulira ngati munthu wodziwa zinthu. Peji imeneyo ndinailemba mu 2014 ndipo chilembereni ndinali ndisanaikhudzepo. Azakhali anakatenga ndalama kwa mnzawo wa chilimba zokwana mtengo umene ine ndinalemba, nkuwonjezerapo pang'ono za madzi ndi chipepeso, kufika pa windo yogulitsa matikiti ndalama zonse pamodzi sizinafike pa tikiti. Uku ndi kumayambiriro kwa 2023.

"Pepani azakhali, ndi peji yakale imeneyo."

"Yakale bwanji pamene ndaiwerenga usiku womwewu?"

Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero sindinachipeze. Ndinatumiza ndalama pa foni, anakwera, anakalira maliro. Msuweni wanga, poti chisuweni sichidziwa nthawi, anaika skrinishoti ya peji ija pa gulupu ya banja ya WhatsApp nkulemba kuti "aprofesa athu a mabasi", moti mpaka pano pa ukwati uliwonse pamapezeka wina wondifunsa kuti basi ya ku Lundazi ndi zingati aprofesa.

Webusayiti imeneyi ndinaiyamba mu 2011, nthawi imene intaneti tinkakaigula pa mphindi mu kakafe kena chakufupi ndi Cairo Road, kompyuta yake kiyibodi yofufutika zilembo mpaka umangoloweza kuti A ali apa. Ndine wa ku Katete, ndiye maganizo anali oti ndizilemba za kwathu Kum'mawa kwa Zambia ndi za ulendo wopita kumeneko, zina m'chizungu zina m'chinyanja. Ndinaika pa WordPress nkuyamba kulemba chilichonse chobwera m'mutu, mitengo ya mabasi, kowolokera pa boda ya Mwami, kaphikidwe ka chikanda ndi mbeba, za miyambo ya Kulamba ndi Nc'wala, mafizi a sukulu za boma, kogona ukafika ku Chipata usiku, ngakhale madandaulo anga a mpira. Pofika 2023 zinali nkhani mazana atatu ndi kakuti, ndipo ine m'mutu mwanga nkhani ikasindikizidwa ndiye kuti yatha, ngati nyuzipepala ya dzulo imene amakulungira tute wowotcha pa Soweto. Kumeneko ndi kumene ndinkalakwitsa. Nyuzipepala ya dzulo aliyense amaona kuti ndi ya dzulo, yachita chikasu, yang'ambika. Peji ya pa intaneti sichita chikasu. Imatseguka pa foni yoyera bwinobwino ngati yalembedwa m'mawa uno, ikuyankhula m'dzina lako kwa anthu amene sunawaonepo, iwe uli mtulo ku Chilenje.

Sabata imeneyo ndinakhala pansi kuwerenga zakale zija, ndipo abale anga, manyazi. Panali peji ya 2012 yonena kuti basi ya ku Chipata ndi K130,000. Amene munabadwa mochedwa musaseke, sindinali wamisala, ndalama yathu inachotsedwa maziro atatu pa 1 January 2013, K1,000 yakale nkukhala K1, ndiye mitengo yonse imene ndinalemba chisanafike chaka chimenecho lero imaoneka ngati ndikugulitsa basi yeniyeniyo. Panali peji ya mafizi a sekondale, chonsecho boma linachotsa mafizi m'sukulu zake mu January 2022. Panali malangizo a njira yochokera ku eyapoti kulowa m'tauni amene sakudziwa kuti pa Munali, pa Arcades ndi pa Longacres panamangidwa maflayova, sakudziwanso kuti teminolo yatsopano inatsegulidwa mu 2021. Peji ya pa boda inkafotokoza zodinditsa pasipoti mbali ya kuno kenako kuyenda kukadinditsanso mbali ya Malawi, pamene kuyambira December 2022 Mwami ndi Mchinji anaziphatikiza kuti munthu uziima kamodzi. Kwinakwake ndinapezanso ndikuuza anthu kuti agule tokotaimu ya Zain. Zain! Dzina limene linasintha kukhala Airtel mu 2010, kusonyeza kuti ngakhale tsiku limene ndinkalembalo ndinali kale m'mbuyo.

Ndiye mantha anandigwira, ndipo munthu wamantha amamvera aliyense. Panali kamnyamata kena kochenjera pakamwa kamene ndinakumana nako pa msonkhano wina wa za bizinesi ya pa intaneti, kankadzitcha katswiri wa SEO, luso lokweza webusayiti kuti izituluka pamwamba anthu akamasaka pa Google, dzina lake tilisiye. Kanayang'ana webusayiti yanga pa laputopu mphindi zosakwana khumi nkunena kuti mdala, Google imadana ndi zinthu zakale, chilichonse chopitirira zaka zitatu fufutani, zotsalazo musinthe madeti aoneke a chaka chino, muona mmene mukwerere. Ndinafunsa kuti nanga anthu akadina linki yakale apeza chiyani, kakuti zosavuta, zonse tizilozetsa ku peji yoyamba. Ndinalipira. Loweruka lina mu June ndinafufuta nkhani zoposa zana limodzi ndi theka, ndikumva kupepukidwa ngati munthu amene wasesa nyumba nkuwotcha zinyalala.

Mwezi wa July sindinaone kanthu chifukwa ndinali wakhungu. Google Analytics yakale ija, imene inkandiuza kuchuluka kwa anthu olowa pa webusayiti, inasiya kuwerenga alendo pa 1 July 2023, anakhala akutichenjeza kwa chaka chathunthu kuti samukirani ku yatsopano yotchedwa GA4, ine ndimangoti ndichita mawa. Chimene chinandidzutsa ndi August. Chaka chilichonse August ikafika foni yanga imasokosa, anthu kufunsa za Kulamba, kuti ku Mkaika amafikako bwanji, kogona kuli kuti, azimayi avale chiyani, kodi zithunzi za Gule amalola kujambula. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la August, Achewa a kuno, a ku Malawi ndi a ku Mozambique kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndiye peji yanga ya 2013 yofotokoza zonsezi ndi imene inkabweretsa anthu. Chaka chimenecho kunali zii. Ndinalemba ndekha pa Google mawu amene anthu amalemba, webusayiti yanga osaoneka, peji yachiwiri osaoneka, yachitatu ndinasiya. Peji ya Kulamba inali m'gulu la zimene ndinawotcha, chifukwa choti inali ya 2013 basi. Munalibe bodza ngakhale limodzi mmenemo. Mkaika sanasamuke.

Apa mpamene ndinatsegula Search Console mwachidwi koyamba. Ndinali nayo kuyambira kale ikutchedwa Webmaster Tools, asanaisinthe dzina mu 2015, koma ndinkangoiona ngati mita ya madzi, chinthu choti chilipo. Ndi yaulere, ndipo imakuonetsa mawu amene anthu analemba posaka, peji yako iti inatuluka, kangati, inali pa nambala chani, ndi angati anadina. Imasunga za miyezi 16 yokha, ndiye mwayi wanga unali woti August wa 2022 anali akuonekabe. Nditayerekeza ndinagwira pakamwa. Nkhani zimene ndinkanyadira, zatsopano, zimene ndinkagawa pa Facebook anzanga nkumaika mitima, kuchokera ku Google zinkalandira anthu owerengeka pa zala. Zimene zinkanyamula webusayiti yonse zinali nkhalamba zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, Kulamba, chikanda, boda, basi ija ya azakhali, ndipo mwa zimenezo zinayi ndinali nditazipha ndi manja anga.

Chifukwa chake nchosavuta ukachimvetsa. Peji ikakhala zaka zambiri pa adilesi imodzi, anthu ena amailoza. Wina analemba za ulendo wake nkuika linki, mphunzitsi wina anaiika pa mndandanda wa zowerenga, wina anaiponya pa Facebook zaka zapitazo. Malinki amenewo Google imawawerenga ngati umboni woti pamalopa pali kanthu. Zili ngati mayi amene wagulitsa tomato pa kona imodzi ya msika wa Chilenje zaka khumi, makasitomala miyendo imawafikitsa yokha, ndiye tsiku lina iwe ubwere ugwetse tebulo lake uike chikwangwani choti pitani ku geti yaikulu. Ku geti kuli chiyani? Munthu amafuna tomato. Ndi zimene kulozetsa zonse ku peji yoyamba kunachita. Munthu wadina linki ya chikanda, akupezeka pa peji ya takulandirani, amangobwerera. Ndipo Google nayo siipusitsika, redirect yopita ku peji yosagwirizana ndi nkhani imatha kuitenga ngati peji yosowa basi, amaitcha soft 404, ndiye mphamvu ya malinki akale aja siisamukira kulikonse, imangotayika.

Choseketsa, kapena chowawa, nchoti mwezi womwewo wa August 2023 kunamveka nkhani yoti CNET, webusayiti yaikulu ya ku America ya nkhani za makompyuta ndi mafoni, inafufuta nkhani zake zakale masauzande pofuna kukwera pa Google. Danny Sullivan, amene nthawi imeneyo ankayankhulira Google pa nkhani za kusaka, anayankha poyera kuti zoti Google imadana ndi nkhani chifukwa ndi yakale kulibe, ndipo nkhani zakale zimathandizabe anthu. Ndinawerenga zimenezo ndili pa minibasi ya ku Kulima Tower, ndinaseka ndekha mpaka amayi amene ndinakhala nawo anasendera uko. Akuluakulu a ku America ndi ine wa ku Chilenje tagwa m'dzenje limodzi, kusiyana kwake iwo ali ndi anthu olipidwa owatulutsamo.

Za kusintha madeti zija, mwamwayi ulesi unandipulumutsa, ndinangosintha pa mapeji ochepa nkutopa. Koma ndiyankhulepo chifukwa ndikuona anzanga ambiri akuchita. January ikafika amalowa nkusintha mutu, "Mitengo ya mabasi 2024" kukhala "2025", m'kati osakhudza ngakhale koma. Pa malangizo a Google omwe, onena za kulemba nkhani zothandiza anthu, zimene amati helpful content, pali funso lofunsa mwini webusayiti ngati akusintha madeti kuti peji ioneke yatsopano pamene zam'kati sizinasinthe, ndi linanso lofunsa ngati akuchotsa zakale zambiri poganiza kuti webusayiti ioneka yatsopano, ndipo amayankha okha kuti sizithandiza. Koma tisiye Google. Taganizani azakhali anga. Peji ya 2014 ija inali ndi deti pamwamba, kakang'ono, kotuwa, msuweni wanga sanakaone, komabe kanalipo, ndinali ndi pothawira. Ndikanaisintha kukhala 2023 mtengo uli womwewo, limenelo likanakhala bodza lochita kukonza. Ndi chimodzimodzi kufufuta deti pa paketi ya mkaka.

Pali kachoonadi pang'ono m'zimene kamnyamata kaja kananena, ndisakanamizire. Mafunso ena Google imafunadi yankho latsopano, ndipo izi anazilengeza kale mu November 2011. Munthu akasaka zotsatira za mpira kapena mtengo wa mafuta, amene kuno kuyambira 2022 anayamba kumaulengeza mwezi ndi mwezi, peji ya chaka chatha ilibe ntchito. Koma munthu wosaka kaphikidwe ka chikanda safuna chikanda cha 2025. Chikanda nchomwechija, nsinjiro, soda, tsabola, kutakasa mpaka mkono kuwawa. Kulakwa kunali kutenga lamulo la mitengo nkuliika pa chilichonse.

Kubweza zimene ndinafufuta inali ntchito ya kalavula gaga. WordPress imasunga zofufutidwa masiku 30 m'bini mwake kenako imataya, ndipo ine masiku amenewo anali atadutsa kale. Kampani imene imandisungira webusayiti nditaifunsa inati backup yawo sifika kumbuyo choncho. Yanga ndinalibe, musandifunse. Chimene chinandiombola ndi Wayback Machine ya Internet Archive, imene imajambula mapeji a pa intaneti nkusunga. Umaika adilesi yakale, imakuonetsa kalendala ya masiku amene inadutsapo. Si mapeji onse amene inajambula, ndipo zithunzi zambiri zinasowa, koma mawu a nkhani zikuluzikulu ndinawapeza, nkumakopera imodziimodzi kubwezera pa adilesi yake yeniyeni yakale, chilembo ndi chilembo, chifukwa ukasintha ngakhale kamzere kamodzi mu adilesi ndiye kuti ndi peji ina. Ntchito imeneyi inalowa mpaka 2024, chaka cha chilala chija madzi atatsika ku Kariba, malaiti akubwera pakati pa usiku nkuchoka kusanache. Ndinkatchera alamu, malaiti akangobwera ndidzuke, laputopu pa chaja, foni pa chaja, madamu akusita mayunifomu a ana mbali inayi, ine ndikukopera nkhani ya mbeba ya 2012 pa 2 koloko usiku. Anandiyang'ana tsiku lina nkuti, "Bambo a Chisomo, anzanu malaiti akabwera amapopa madzi." Sindinayankhe.

Nkhani ya agogo anga aakazi yofotokoza mmene ankasungira chimanga m'nkhokwe ndi phulusa, imene ndinailemba nditakhala nawo pakhonde ku Katete chaka chimodzi asanamwalire, Wayback inalibe. Sinkabweretsa anthu, mwina awiri pa mwezi. Imeneyo ndi imene imandiwawa kuposa zonse ndipo Search Console singakuuze zimenezo.

Manje mmene ndimachitira ndi zachikale kwambiri moti akatswiri akhoza kuseka. Ndili ndi kope la hadikava, lomwe lija la ana a sukulu, peji iliyonse ya webusayiti ili ndi mzere wake, ndipo funso loyamba silikhala loti ili pa nambala chani pa Google. Ndimafunsa kuti munthu akaiwerenga lero nkuchita zimene ikunena, chimuchitikire nchiyani. Akataya ndalama, akasochera, akabwezedwa pa boda, imeneyo ndi yofunika kuigwira sabata yomweyo ngakhale ikhale yowerengedwa ndi anthu atatu. Ndinazindikira kuti nkhani zimaola mosiyana ngati ndiwo. Mitengo ndi nsomba yaiwisi. Peji yanga ya kusintha ndalama pa boda inaola tsiku limodzi mu November 2023 pamene Malawi inagwetsa kwacha yake ndi 44 peresenti, ndipo chichokereni apo ndinasiyiratu kulemba mareti, ndimangofotokoza kosinthira ndi zoyenera kusamala, nambala munthu akaione tsiku lomwelo. Njira ndi maofesi zili ngati kapenta wouma, zimakhala ndithu koma uzinunkhiza kamodzi pa chaka. Ndiye pali zina ngati nyemba zouma, miyambo, maphikidwe, mbiri, zimenezo ndimangoona ngati malinki ake akugwirabe ndi ngati zikutseguka bwino pa foni, poti Google masiku ano imayang'ana webusayiti mmene imaonekera pa foni osati pa kompyuta, ndipo owerenga anga pafupifupi onse ndi a pa foni ya bandulo yowerengera.

Za mabasi ndinapeza kuti ndinali ndi mapeji asanu onena chinthu chimodzi, ya 2012, ya 2014, ya 2016, ina ya 2019 ndi ina yongodandaula za basi imene inatifera pa Luangwa. Nthawi iliyonse mmalo mokonza yakale ndinkalemba yatsopano, ndiye asanuwo ankalimbirana malo okhaokha ngati ana a nyumba imodzi pa mbale imodzi, Google nkumasankha yokha, ndipo inkasankha ya 2014 chifukwa ndi imene inali ndi malinki ambiri. Ndinatenga zabwino za onsewo nkuziika pa adilesi ya 2014 yomweyo, poti ndi imene anthu akuidziwa, a 2016 ndi 2019 nkuwaika 301 yolozera kumeneko. 301 ndi uthenga umene seva imapereka woti peji iyi inasamuka mpaka kalekale, pitani apa, ndipo ikaloza ku peji ya nkhani yofanana, mphamvu ya malinki imatsatira. Google imalangiza kuisiya osachepera chaka, ine sindiichotsa nkomwe, sidya nsima. Ya basi yofera pa Luangwa ndinaisiya payokha, ndi nthano imeneyo osati malangizo, ndipo anthu amaikonda.

Phunziro lina laling'ono ndi la kuika chaka mu adilesi. Mutu wa nkhani ukhoza kuusintha tsiku lililonse, koma adilesi ikakhala ndi 2016 m'kati ndiye wadzimangirira. Zatsopano zonse ndimazipatsa adilesi yopanda chaka, deti ndimalemba m'kati mwa nkhani, pamwamba penipeni, zilembo zikuluzikulu, kuti mitengo iyi ndinakafunsa pa Intercity tsiku lakuti. Osati kadeti kotuwa kaja. Ndipo pansi pake chiganizo chimodzi choti ngati papita miyezi itatu chilembereni, imbani kaye musananyamuke.

Pali gulu lina limene linandivutitsa maganizo, nkhani zimene zinali zoona nthawi yake koma lero sizigwira ntchito, monga zonse zimene ndinalemba mu 2020 ndi 2021 za malamulo a Covid pa boda, masatifiketi oyezetsa ndi zina zija. Kamnyamata kaja kakanati fufutani. Ine ndinazisiya, ndinangoika bokosi pamwamba lonena kuti izi zinali za nthawi ya mliri, malamulo a lero ali apa, ndi linki. Tsiku lina mwana wa Chisomo adzafuna kudziwa kuti anthu ankawoloka bwanji chaka chimenecho. Peji ya mitengo ya 2012 ya maziro atatu ija nayo ndinaibweza dala ngati chikumbutso, nkufotokoza pamwamba za kusintha kwa ndalama, ndipo modabwitsa imalandira ana a sukulu osaka za rebasing. Zina zoterezi zimene sindifuna kuti munthu azigwere kuchokera ku Google ndimaziika noindex, peji imakhalapo koma siituluka posaka. Apa pali msampha umene ndinagweramo, ndinaika noindex kenako nkutsekanso peji yomweyo mu robots.txt, kafayilo kouza Google mapeji amene isalowemo, poganiza kuti maloko awiri aposa imodzi, osadziwa kuti ukatseka mu robots.txt Google singalowe kukawerenga noindex yo, ndiye peji ikhoza kumangoonekabe. Loko imodzi basi.

Kufufuta ndimafufutabe, musaganize kuti ndasanduka wosunga zinyalala. Zilengezo za makonsati a 2015, nkhani za mizere itatu zimene ndinalemba nditaboweka, madandaulo a mpira amene ngakhale ine sindikumbuka kuti tinaluza ndi ndani, zimenezo zinapita ndipo sindinazibweze. Ndikaona kuti palibe amene amaiwerenga, palibe amene anailoza, palibe chimene ikuphunzitsa, ndipo palibe peji ina yofanana nayo yoti ndilozeko, ndimaisiya ipereke 404 kapena 410 moona mtima, kuti kuno kulibe kanthu. Poyamba ndinkaopa ma 404 ndikawaona ofiira mu Search Console ngati ndi ngongole, koma peji yoti inachotsedwadi kupereka 404 si mlandu, intaneti ndi mmene imayendera. Kusiyana kwake ndi kwa June uja nkoti pano ndimafufuta imodzi nditaiwerenga, nditasunga kope lake pa flashi, osati zana limodzi ndi theka pa Loweruka limodzi chifukwa cha chaka chobadwa.

Kanthu kena kamene Search Console inandiphunzitsa, kongodutsa, ndi mmene anthu athu amalembera posaka. Palibe amene amalemba chiganizo chabwino cha m'buku. Amasakaniza, chizungu pang'ono chinyanja pang'ono, wina alemba cikanda wina chikanda, poti kuno kusukulu tinaphunzira kulemba ndi c yekha pamene a ku Malawi amaika ch, wina Ncwala wina Nc'wala wina N'cwala. Pokonza nkhani zakale ndimayesetsa kuti kalembedwe konseko kapezekemo mwachibadwa, kamodzi kokha, osati kudzaza mawu ngati matumba a makala pa njinga, zija tinkachita kale Google isanabweretse njira zake zosefera, Panda mu 2011 ndi Penguin mu 2012, kudzasesa mawebusayiti a zinyalala. Ndipo mafunso amene anthu amalemba ndi amene amandiuza chosowa pa peji. Ndinaona anthu akufika pa peji ya basi atasaka za katundu, kuti thumba la ufa amalipiritsa padera kapena ayi, chinthu chimene ine sindinachiganizepo zaka zonsezi. Ndinawonjezera ndime.

Kodi zinabwerera? Zina. Peji ya chikanda inabwerera pamalo pake patapita miyezi ingapo. Ya Kulamba inakwera koma sinafike pamene inali, pamene ine ndinali kulibe ena analemba zawo, zina zabwino kuposa yanga, ndivomere. Komanso kusaka kwenikweniko kukusintha, mayankho a AI akutuluka pamwamba munthu asanadine chilichonse, ndipo zimenezo zimandiopsa mwa njira ina, chifukwa makina akatola mtengo wa 2014 pa peji yanga nkuupereka ngati yankho, kadeti kotuwa kaja sikapita nawo. Palibe amene angandilonjeze nambala wani, ndipo aliyense wondilonjeza pano ndimamuyang'ana nsapato.

Mwezi watha linali tsiku la mzere wa mabasi m'kope muja, ndiye ndinakwera minibasi kupita pa Intercity ndi bolopeni. Ukangolowa pa geti anyamata amakuzungulira, wina wagwira kale chikwama, bosi Chipata, bosi Livingstone, bosi Nakonde ikunyamuka manje manje. Ndinawauza kuti sindikupita kulikonse, ndikungofunsa mitengo. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkufunsa ngati ndine wa boma. Ndinati ayi, ndimalemba pa intaneti. Anaseka nkuitana mnzake, bwera uone mdala wa pa intaneti, kenako anandiperekeza yekha windo ndi windo, akundiuza kuti iyi imanyamukadi nthawi yake, iyi amanena 5 koma mpaka idzaze, iyi mtengo umakwera sukulu zikamatsegulira ndi sabata ya Nc'wala. Zimenezo pa windo sakuuza. Ndinalemba zonse, ndinamugulira drinki, nkukhala pa benchi pomwepo kusintha peji pa foni batire isanathe.

Madzulo ndinatumiza linki kwa azakhali kuti aone kuti ndakonza. Anayankha ndi voisi noti, poti kulemba amati kumawapweteka maso. Anati awona, zili bwino, koma ulendo wina akadzafuna kupita adzangondiimbira ndikawagulire tikiti ndekha, ndipo ndisaiwale kuti za ulendo uja anabweza okha kwa mnzawo wa chilimba.